Nsapato Zomwe Nyanja Inatilanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pomwe ndinaona nyanja yamchere koyamba. Nkhondo ya ku Mozambique inali itatha, ndipo malume anga a Yohane, omwe ankayendetsa thiraki kudutsa pa malire a Mwanza, anali atakwatira kumudzi wina wa asodzi kufupi ndi Beira. Pa holide ina anatitenga ine ndi bambo kuti tikakhale kumeneko Loweruka ndi Lamulungu, iwo akudikira kupakira katundu Lolemba. Mayi anatimangira thumba la manachesi loti tikapatse Anti Luzia, akazi a malume, ndipo anandilola kuvala nsapato zanga zatsopano zakusukulu.

Bambo anali mphunzitsi kwa Nthache, munthu wosaseka ndi mwana wotaya zinthu. Chikwapu chawo ndinkachidziwa bwino, chifukwa cha juzi yomwe ndinaiwala kutchalitchi. Tisanakwere thiraki anandiloza chala: "Ukangotaya nsapatozi, undiona."

Loweruka m'mawa ndinathamangira kugombe, koma ndinakhumudwa. Madzi anali kutali kwambiri, ndipo pakati ponse panali mchenga wonyowa, mabwato atagona cham'mbali ngati nkhumba zokhuta. Amayi a m'mudzimo ankalowera komweko ndi mabeseni kukafukula nkhono, ndipo Anti Luzia anati tiwatsatire. Tinavula nsapato. Bambo anazisanja pamwala wina, zawo ndi zanga, masokosi atawapinda bwinobwino mkati.

"Alamu, nyamulani zimenezo. Madzi abwera," anatero Anti m'Chichewa chawo chosakaniza ndi Chisena.

"Ndikudziwa, alamu, zimenezi ndimaphunzitsa ku Sitandade 7," anayankha bambo. "Amakwera pang'ono chabe. Pano sangafike."

Anti anangoseka n'kusenza beseni lawo. Ine ndinali mbali ya bambo. Kwathu mtsinje umasefukira mvula ikagwa kumapiri, ndipo tsikulo kumwamba kunali mbee.

Tinayenda mtunda wautali, matope ofunda akutuluka pakati pa zala. Anti anandiphunzitsa kuona kabowo pamchenga n'kukumba msanga nkhono isanathawire pansi. Ndinalawa madzi n'kulavula, amayi onse n'kufa nazo nseko. Ngakhale bambo anapinda thalauzi mpaka m'mawondo n'kumathamangitsa nkhanu. Ndinali ndisanawaonepo akusewera, ndipo mtima wanga unadzaza ndi chimwemwe.

Kenako amayi aja anayamba kubwerera popanda wowaitana. Madzi ankatitsatira mwakachetechete, poyamba m'mapazi, kenako m'akakolo. Anti anandigwira dzanja n'kutidutsitsa njira yachidule ya pamtunda. Titafika kugombe ndinayang'ana kumene kunali mwala uja. Kunali madzi okhaokha, mabwato aja akuyandama.

Ndinayamba kulira ndisanamenyedwe, ndikuganiza za chikwapu komanso zobwerera kusukulu wopanda nsapato, anzanga onse atandiona kale ndikunyada nazo. Bambo anaima nthawi yaitali akuyang'ana madziwo. Kenako anagwada pamchenga kuti nkhope yawo iyang'anizane ndi yanga, anthu onse akuona.

"Tonthola, mwanawe. Walakwa si iwe ayi, ndine. Anti ako anandiuza, ine sindinamve."

Atatero anatembenukira kwa Anti Luzia. "Alamu, pepani. M'buku mwathu nkhani ya madziwa ndi mizere iwiri yokha. Tandiuzani, mumadziwa bwanji kuti nthawi yakwana?"

Anti anawaseka kaye mokwanira, kenako anawafotokozera momwe madziwo amaphwera n'kudzazanso tsiku lililonse motsata mwezi ndi mphepo, bambo akugwedeza mutu ngati mwana wa pabenchi lakutsogolo.

Lamulungu, titachoka kutchalitchi, malume anatizunguliza kumtunda. Tinaona minda ya mpunga yobiriwira mpaka kothera maso, ndi migwalangwa ya kokonati yomwe anthu ankakwera ngati pamakwerero. Ndinamwa madzi a kokonati mpaka mimba ndii. Ine ndinavala mapatapata a Anti, bambo anavala a malume, zidendene zili panja, ndipo bambowo ankafunsa mafunso aliyense amene ankakumana naye. Titafika kwathu ku Mwanza, mayi asanatsegule pakamwa, bambo anafotokoza okha nkhani yonse osaibisa pena paliponse.

Teremu yotsatira ndinaiyamba ndi mapatapata, ndipo anzanga anandiseka ndithu, koma sizinandipweteke monga ndinkaopera. Lero ndili ndi ana anga atatu, ndipo ndaona kuti kukalipira mwana n'kosavuta, chifukwa iye sangakuyankhe. Chovuta n'kumuuza pamaso pa anthu kuti wolakwa ndiwe wamkulu. Ndinkaganiza kuti bambo akadzapepesa ulemu wawo udzachepa. Koma kunena zoona, kufikira tsiku limenelo ndinkangowaopa. Kuwalemekeza ndinayambira pamchenga paja, atagwada, thalauzi lawo litanyowa.