Kubereka Tadala kuchokera ku 25 mpaka ku Kawale

Tinanyamuka ku Area 25 cha m'ma seveni koloko m'mawa, Loweruka lina lozizira, Tadala ali kumsana kwanga m'chinthu chimene mpaka lero sindichidziwa dzina. Anali ndi chaka ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo linali tsiku lachitatu asakudya. Amayi ake anali atapita kwa makolo awo ku Kawale kukadikira, poti mimba yachiwiri inali itatopa, ndipo chichokereni iwo mwanayo ankangomwa madzi basi. Phala ankalavula, tiyi ankakankha. Ndinachita mantha, ndiye ndinati bola ndimutengere kwa amake.

Kubereka ndi chitenje ndinayesa kawiri. Mfundo inkangotsetsereka, poti amunafe pachifuwa tilibe poti igwire. M'pamene ndinakumbukira chikwama chimene mlongo wanga anagula pakaunjika akuyesa n'cha sukulu, n'kukapeza kunyumba kuti chili ndi mabowo awiri pansi. Chinali ndi zitsulo m'mbali ndi malamba asanu. Ndinalowetsa miyendo ya mwana m'mabowomo, n'kumanga lamba aliyense pamene wafikira. Mmodzi anasowa pomumanga, ndinangomupisa m'thumba la buluku.

Pasiteji ya pa Nsungwi kondakitala anandilandira bwino.

"Madala, katunduyo tiike kubuti."

"Si katundu, ndi mwana."

Anazungulira kumbuyo kwanga, n'kubwerera akukanda mutu. "Nanga wakufulatirani bwanji? Mwakangana?"

Sindinamve chimene ankatanthauza. Ine ndinkaona ngati azungu anachikonza dala kuti mwana aziona kumene akuchokera.

Kukhala pampando kunakanika chifukwa zitsulo zinkagunda chotsamira. Kumasula ndinkaopa, poti sindikanadziwanso pomangira. Anandikhazika pafupi ndi chitseko chammbali, thako limodzi pampando lina m'malere, n'kundilipiritsa K50 ngati munthu wokhala bwinobwino. Tikudutsa ku Kanengo fungo la fodya linadzaza minibasi, Tadala n'kuyetsemula kumaso kwa mayi wina wa duku lobiriwira amene anakhala naye maso ndi maso. Mayiyo sanakwiye. Anatsitsa mawu ngati ali pamaliro.

"Pepani bambo, amake ali kuti?"

"Ali ku Kawale, akudikira."

"Akudikira inuyo?"

"Ayi, akudikira."

"Oho," anatero, nkhope n'kumasuka. Ananyema mandasi n'kumupatsa Tadala, koma ndinangomva chibenthucho chikugwera pansi.

M'depoti tinafika cha m'ma naini. Nditatsika mwendo wakumanzere unali utachita dzanzi, ndipo ndinalumbira kuti minibasi yachiwiri sindikwera. Ndinaganiza zodula wapansi kudzera ku Mchesi. Vuto la chikwama chija ndinalidziwira pamenepo: mwana sumuona. Anthu akutsogolo ankandiyang'ana ine, akumbuyo ankaseka ndi iye, ndipo sindinkadziwa ngati akuseka zabwino. M'chigulu cha pamsika ndinkangopisa dzanja kumbuyo kugwira kaphazi, kuopa kuti wina angamusolole ine n'kumapitirira ndi chikwama chokha.

Ku Mchesi Tadala anayamba kulira, kulira kofooka kopanda misozi kumene ndinali nditakuzolowera masiku atatuwo. Akalipentala amene ankapala matabwa m'mbali mwa msewu anaimitsa ntchito.

"Achimwene, wailesi yanuyo yatha mabatire," anatero mmodzi.

Anzake anaseka, inenso ndinaseka, koma mumtima munali mutandiwawa, chifukwa ankanena zoona. Ndinawonjezera liwiro. Ndinkadziuza kuti akangoona amake adya, ndipo kupitirira pamenepo ndinalibe nzeru ina.

Kwa apongozi ndinafika itadutsa hafu pasiti teni, n'kupeza loko pachitseko. Pakhonde loyandikana panali Mayi Asiyatu, aneba awo, akukazinga zitumbuwa. Atandiona anadzuka akupukuta manja.

"Bambo a Tadala, abereka."

"Eya, ndabereka ndithu, kuchokera ku 25."

"Sindikunena inu. Abereka."

"Ndani winanso? Mwanayu ndamubereka ndekha."

"Akazi anu achira m'mawa uno. Mwana wamwamuna. Ali kuchipatala ndi amayi awo."

Ndinafuna kukhala pansi, zitsulo n'kundikaniza. Ndinangoima pamenepo, chimwemwe mbali ina, mbali ina mantha, poti munthu amene ndinamuyendera mtunda wonsewu kuti adyetse mwana anali atagona ndi khanda pachifuwa. Ndinawafotokozera Mayi Asiyatu zonse, za phala ndi za tiyi. Iwo sankamvetsera kwenikweni, ankazungulira chikwama chija.

"Wamanga ndani chimenechi?"

"Ine."

"Zikuonetsa. Mwana saberekedwa chofulatira. Ndiye kuchokera ku 25 wakhala akugwira chiyani, mphepo?"

Anamusolola Tadala, n'kumutembenuza, n'kumulowetsanso nkhope italoza kukhosi kwanga. Anatulutsa lamba uja m'thumba mwanga osapempha, n'kumumanga m'chiuno mwanga, kulemera konse n'kuchoka m'mapewa. Timanja tozizira tinagwira kolala ya malaya anga.

"Kunyumba mumamudyetsa ali pati?"

"Pampando, ndi supuni."

"Amake amamupatsira kumsana, uku akugwira ntchito. Tengani nthochi iyi. Musamuyang'ane, musamunyengerere. Muziyenda."

Ndinauyamba wa kuchipatala nthochi yosenda ili paphewa ngati ndanyamula tochi. Ndinadutsa nyumba zitatu, palibe chinachitika. Ndinadutsa pampopi, amayi otunga madzi n'kusiya nkhani zawo. Nditafika pa okala ina ndinamva nthochi ikukokedwa pang'onopang'ono, kenaka kutafuna pafupi ndi khutu langa. Sindinatembenuke, sindinaimenso. Ndinagula ina pamphambano, nayonso inatha, theka m'kamwa theka m'khosi mwa malaya anga. Misozi inalengeza m'maso mwanga pakati pa msewu, ndipo ndinalibe nazo manyazi.

Mkazi wanga ndinamupeza atakhala pabedi, wotopa, kamwana kofiira kali m'nsalu. Asanandionetse n'komwe anafunsa kuti, "Wadya?"

"Nthochi ziwiri."

"Mutsitseni ndimuone."

Ndinagwada kuti amufikire. Tadala anayang'ana amake, anayang'ana kanthu kali m'nsaluko, kenaka anabisa nkhope m'khosi mwanga n'kugwiritsa kolala. Apongozi anaseka, koma mkazi wanga sanaseke. Anangomusisita kaphazi n'kunena chapansipansi kuti, "Musiyeni, wadziwa."

Ndinachoka ku 25 ndikuganiza kuti ndikukatula mwana kwa mwini wake. Koma msana wa amake unali utapeza kale wina. Wotsala unali wanga, ndipo madzulo ake pobwerera ku 25 ndinayenda naye wapansi mpaka m'depoti, akugona.