Galimoto Imene Inatisiya pa Geti

Mwana wanga wachiwiri anadwala chibayo asanayambe n'kukwawa komwe. Nthawi imeneyo ndinkachapa nsalu za pabedi pa loji ina kumwera kwa Chintheche. Kwathu ndi ku Dedza, kuno ndinabwera ndi ukwati. Bambo a ana anga ndi msodzi, ndipo m'mawa umenewo anali asanabwere kunyanja.

Matendawo anayamba ngati chimfine cha nyengo ya mwera. Koma tsiku limenelo mwana anakana bere. Nditamuvula kamalaya ndinaona pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya, ndipo m'malo molira ankangobuula. Apongozi anga anamuyang'ana kamodzi kokha.

"Ama, uyu si wa mankhwala a m'nyumba. Thamangani naye."

Ndinamubereka n'kuthamangira kuntchito. Ndinkadziwa kuti galimoto ya pa loji ikupita ku Mzuzu kukagula katundu, ndipo msewu wake umadutsa pafupi ndi chipatala. Woyendetsa anali kapitawo wathu, bambo amene ankatsogolera mapemphero a antchito m'mawa uliwonse. Ndinamupeza pa geti, injini ikulira kale.

"Ada, ndithandizeni. Mwana akubanika. Mukangonditula pa chipatala basi."

Anatsitsa galasi pang'ono. "Mayi, iyi si ambulansi. Abwana salola."

"Taonani milomo yake, ada."

"Ndaona. Akatsirizikira muno mlandu ukhala wa ndani? Pitani kumsewu, njinga zilipo."

Ndinagwada pamchenga, ine munthu wamkulu. Iye anakweza galasi n'kuyamba kuyenda. Galimoto ikundidutsa ndinamva fungo la usipa, ndipo pa mpando wakumbuyo ndinaona madengu ofunditsidwa lona. Anali malonda ake, okagulitsa ku Mzuzu pa mafuta a abwana. N'chifukwa chake malo panalibe.

Kuchokera kunyanja kukafika pa msewu wa tala ndi chitunda, njira yodutsa m'minda ya chinangwa. Mwana ndinamumasula kumsana n'kumunyamula pachifuwa kuti ndizimva ngati akupumabe. Pamsewu ndinakwera njinga yamoto. Kuchipatala namwino sanandiimike pamzere. Anamulanda m'manja mwanga, anamuika timapaipi ta mpweya m'mphuno, anamubaya jakisoni. Tinagona kumeneko masiku angapo, mpaka tsiku limene anafunafuna bere yekha.

M'chipindamo amayi anzanga ankaimba nyimbo za Mulungu. Ine pakamwa pankaimba nawo, koma mtima unali pa kapitawo uja.

Bambo a ana anga atamva nkhaniyi anatenga nkhafi kuti akamuswe nayo mutu. Ndinawaletsa. "Bala lipola, inu mukagona ku polisi. Musiyireni ine."

Nditabwerera kuntchito, kapitawo anandilonjera pamaso pa anthu. "Mwana ali bwanji, mayi? Tinkamupempherera."

"Yewu, ada," ndinamuthokoza m'Chitonga cha kuno, mano onse panja.

Ndinadikira. Abwana, mayi mwini loji, anali kunja kwa dziko. Ndinachapa nsalu, ndinasita, ndinayankha ameni pa mapemphero ake, mpaka mvula inayamba ndipo abwana anabwera. Amayi oyanika usipa pa doko ndi anzanga, choncho tsiku limene kapitawo anagulanso madengu ake a usipa ndinalidziwa dzuwa lisanalowe.

M'mawa mwake ndinapita ku ofesi manja ali ndi thovu. "Abwana, alendo amadandaula kuti galimoto imanunkha nsomba. Bwerani muone chifukwa chake."

Kapitawo tinamupeza pa geti. Abwana anatsegula okha chitseko chakumbuyo n'kuvundukula lona. Ophika, olima maluwa, alonda, onse anabwera kudzaona. Iye anayamba kufotokoza zoti ndi katundu wa mlongo wake wodwala. Pamenepo ndinayankhula, ndinanena zonse za mwana wanga, mawu ake enieni osasiyako ndi limodzi lomwe. Maso ake anafunafuna womuikira kumbuyo, koma aliyense anayang'ana pansi. Makiyi anawapereka pomwepo.

Ntchito inamuthera, ndipo nyumba ya antchito imene ankakhalamo anauzidwa kuti atulukemo. Mkazi wake anabwera kwathu, anandipeza ndikusenda chinangwa chokaviika.

"Amayi anzanga, katipepesereni kwa abwana. Ife tili ndi ana."

"Inenso ndili nawo," ndinayankha, mpeni osauika pansi.

Anakhala kanthawi akulira, kenako anadzuka n'kumapita. Mkaziyo sanandilakwire, ndikudziwa, koma kwa abwana sindinapite.

Amayi a kumpingo anabwera pambuyo pake kudzandiuza za kukhululuka. Ndinawayalira mphasa, ndinawaphikira tiyi, ndinawamvera mpaka anamaliza. Wamkulu wawo atandifunsa ngati mtima wanga watsika, ndinamuuza zoona, kuti chiyambire kudwala kwa mwana sindinagonepo tulo tabwino ngati ta masiku amenewo.