Apongozi Anakandivinira ku Bwalo la Ndege

Amene sanakhalepo mu Lusaka mwezi wa Juni amaganiza kuti kuno n'kotentha chaka chonse. Abwere adzaone. Mphepo yake imadzera ku Chelstone, n'kufika kwathu ku Kabwata itasesa fumbi la tauni yonse. Milomo imang'ambika, ana amatuwa miyendo ngati agona paphulusa, ndipo madzi apampopi m'mawa amachita kuluma zala. Ku Kabulonga ndi ku Woodlands nyumba zinali ndi posonkhera moto m'kati momwe, utsi n'kumatulukira padenga mwaulemu. Ife tinali ndi mbaula imodzi, nayonso inali ndi mwini wake. Apongozi anga ankaikhalira ngati nkhuku yofungatira mazira.

Zaka zimenezo chipani chinali chimodzi, ndipo china chilichonse chinkasowa. Shuga, sopo, mafuta ophikira, zonse unkazimva pawailesi kuti zikubwera. Kuzizira kokha ndi kumene kunkafika kwa aliyense osaima pamzere.

Ine ndinali ndi tebulo pakamsika ka m'dera lathu. Ndinkagulitsa tomato, anyezi, repu ndi kapenta. Tebulolo sindinachite kulitola. Ndinayamba ndi beseni pamutu, kuzungulira m'makomo agalu akundiuwa, mpaka ndinapeza malo pansi pa lata. Amuna anga anali kalaliki pa nyumba ina yosungira katundu ku mafakitale, ndipo malipiro awo ankatsanzika mwezi usanafike pakati. Kuyambira pamenepo banja lonse linkadya tomato wanga, ngakhale panalibe amene ankanena zimenezo mokweza.

Amuna angawo analinso mkulu mu mpingo wosunga Sabata, ndipo ine ndinalowa mpingowo tsiku limene ndinalowa m'nyumba mwawo. Lachisanu dzuwa likamapendeka ndinkavundikira tebulo ndi masaka, osadzaonekanso mpaka Lamlungu. Amayi anzanga apamsika ankandikonda kwambiri chifukwa cha chikhulupiriro changacho, poti Loweruka makasitomala anga onse ankapita kwa iwo.

Apongozi, mayi wa amuna anga, anachokera ku Luapula kudzaonetsa maso kuchipatala. Maso anachira, koma nkhani yobwerera sinamvekenso. Mpingo wa mwana wawo anaukana kwamtuwagalu. Iwo ankapemphera Lamlungu, kolona m'khosi, fodya wam'mphuno m'kansalu, ndipo tsiku lonse ankadandaula mawondo. Ukawapempha kuti akusunthire mpando, ankabuula ngati wawatuma ku Kitwe wapansi.

Tsiku lina Lachinayi tcheyamani wa chipani wa pamsika wathu anatisonkhanitsa. Anali bambo wojintcha, atavala jekete lachikopa, mpango waubweya m'khosi ndi chipewa chofika m'makutu.

"Bamayo, mvelani!" anatero. "Pa Chiwelu Mtsogoleli abwela kuchoka kunja. Lole izankala pano kuseni-seni. Bonse mu chitenge cha chipani. Amene sazakwela, pa Mande asabwele, tebulo tizapasa munthu wokonda dziko. Na majuzi kulibe! Simungabise nkhope ya Mtsogoleli na juzi."

Anthu atabalalika ndinamutsatira, n'kugwada pang'ono. "Ba Cheyamani, ine ndine wa Sabata."

"Ndeke siiziba Sabata, mayo," anandiyankha akukoka mpango wake kuti utseke bwino khosi. "Tebulo iliyonse ifunika mutu pa lole. Yasila nkhani."

Kunyumba amuna anga anamvetsera nkhani yonse atatsinzina, monga ankachitira anthu akabwera ndi milandu ya kumpingo. Kenako anandikumbutsa za anyamata aja amene anakana kugwadira fano n'kuponyedwa m'ng'anjo yamoto. Kunena zoona, ndi mmene kunkazizirira tsiku limenelo, ng'anjoyo sinandiopse kwenikweni.

"Amake mwana, simuzayenda," anatero. "Mulungu azapasa."

"Nanga tebulo?"

"Nakamba kuti Mulungu azapasa."

Mtima wanga unali kuwira. Ine ndinkadziwa njira imene Mulungu ankapatsira m'nyumba ija, ndipo njirayo ndi imene tcheyamani ankafuna kutseka Lolemba.

Apongozi, amene tinkayesa kuti akuwodzera pambaula, anatsokomola. "Leta chitenge icho," anatero. "Nizayenda ine. Sabata ni yanu imwe. Yanga ni mailo yake." Ankanena za Lamlungu.

Apa panabuka nkhani yaikulu ya chiphunzitso. Kodi munthu wosunga Sabata angatume mnzake kukachita zimene iye sangachite? Amuna anga anavala magalasi, natsegula pa lamulo lija, n'kuyamba kuyendetsa chala pang'onopang'ono. Anapeza kuti lamulo likuletsa mwana wamwamuna, mwana wamkazi, wantchito, ng'ombe, ngakhale mlendo. Anabwerezanso kuchokera pamwamba. Kenako anavula magalasi nkhope ili ngwee, n'kulengeza kuti amayi ake a munthu sanatchulidwepo. Ndinafuna kufunsa ngati munthu amene anabwera kudzaonetsa maso si mlendo, koma ndinakumbukira tebulo langa ndipo ndinatseka pakamwa.

Loweruka m'mawa ndinawaveka apongozi juzi yanga m'kati mwa diresi kuti isaoneke, ina ya mwana wawo pamwamba pa yangayo, kenako chitenje. Anatuluka atanenepa ngati thumba la makala. Anyamata a chipani anachita kuwanyamula kuti akwere lole, iwo akubuula ndi kuitana oyera mtima onse m'Chibemba. Lole itanyamuka, mantha anandigwira. Ndinadzifunsa kuti ngati gogo ameneyu akafera kumphepo kuja chifukwa cha tomato wanga, ndidzawauza chiyani abale ake. Kutchalitchi sindinamve kanthu. Amuna anga analalikira za kuima nji pa choonadi, ali m'jekete, mazenera onse otseka.

Zimene zinachitika kubwalo la ndege ndinazimva madzulo kwa mnzanga wogulitsa nyemba, amene tebulo lake linali loyandikana ndi langa. Ndege inachedwa, monga mwa masiku onse. Amayi anaimikidwa pamtetete, mphepo ikuwomba popanda ngakhale kamtengo kotchinga. Pofika masana nyimbo zinali zitauma kukhosi, ndipo kuvina kwake kunali kongosuntha mapazi kuti anyamata a chipani asakuone. Apongozi okha ndi amene sanaime. Anauza mnzangayo kuti, "Nikaimilila nizafa na mphepo," n'kulowa pakati pa bwalo. Mawondo aja amene sankatha kusuntha mpando anayamba kudula chiuno cha ku Luapula mpaka woimba ng'oma anatuluka thukuta mu Juni.

Ndiye ndege itatera, akuluakulu akudutsa, apongozi anachita zimene kwawo amachitira mfumu yaikulu. Anadzigwetsa pansi, nagona chagada, n'kumagubuduka uku ndi uku akuwomba m'manja ndi kululutira. Amayi a m'tauni anali ataiwala kale mwambo umenewo, kapena ankaopa kudetsa zitenje. Apongozi sanaope kanthu, poti anali ndi majuzi awiri owateteza ku miyala.

Nduna ina, yochokera cha ku Luapula komweko, inaima misozi ili m'maso. Inafunsa kuti mayi ameneyu ndi wa nthambi iti ya chipani. Tcheyamani wathu anathamanga chipewa chili m'manja.

"Ni wathu, bwana! Wa pa maliketi yathu!"

"Ali na tebulo?"

"Ali nayo, bwana. Yabwino maningi."

Nditamva zimenezi ndinaseka mpaka kugwira m'mimba. Usiku umenewo ndinawathowa apongozi mawondo ndi madzi otentha, ndikuwathokoza ndi mtima wonse.

Lolemba ndinalawirira kumsika waukulu wa m'tauni kukapikula tomato. Pofika pakamsika kathu, beseni lili pamutu, ndinapeza apongozi atakhala pampando wanga, mbaula ili pamapazi awo. Tcheyamani anali ataima pambali. Anandifotokozera mokoma kuti iye sanganamize nduna. Ananena pamaso pa anthu kuti mayiyu ali ndi tebulo, choncho ayenera kukhala nalo, ndipo tebulo limene linatumiza mutu umenewu palole ndi lomweli.

Ndinayang'ana apongozi, ndikudikira kuti akane. Ndinali wotsimikiza kuti aseka n'kunena kuti iwo anangopita m'malo mwa mpongozi wawo. Anafwenkha fodya, nayetsemula, n'kuwomba m'manja.

"Natotela, ba Cheyamani," anathokoza m'Chibemba. Kenako anatembenukira kwa ine. "Osadandaula, mayo. Ni ya nyumba imozi. Iwe uzanithandiza. Tula apo."

Ndinatula.

Nkhaniyi nditaitengera kwa amuna anga, anati asinkhesinkhe kaye. Akanali kusinkhasinkha mpaka lero. Munthu angalimbane ndi tcheyamani, mwina angalimbanenso ndi mayi ake, koma onse awiri pamodzi ayi. Ananditonthoza kuti za m'dziko n'zakutha, ndipo chachikulu n'chakuti sitinaphwanye Sabata.

Kuyambira pamenepo ntchito yanga sinasinthe. Ndinkadzuka kukali chisisira, kukapikula, kusenza, kutsuka ndi kuyala milu. Chimene chinasintha ndi chiuno chimene kansalu ka ndalama kankamangidwapo. Apongozi anapatsidwa mpando wakutsogolo palole, ndipo ndege iliyonse ikamatera ankatumiziridwa uthenga. Loweruka, ine ndili kutchalitchi, iwo ankatsegula tebulo n'kugulitsa kuposa masiku ena onse. Amayi anzanga aja amene ankandikonda chifukwa cha Sabata anasiya kundipatsa moni.

Loweruka loyamba lotero, dzuwa litalowa, apongozi anafika ndi nyama yang'ombe yokulunga m'pepala, chinthu chimene ana anga anali atatsala pang'ono kuiwala. Ndinaphika ndine. Titakhala pansi amuna anga anaimirira kuti apemphere, ndipo pempherolo linali lalitali. Anathokoza Mulungu amene sasiya anthu osunga tsiku lake, amene amatsegula njira pamene munthu sakuona njira. Ana anavomera ameni mofuula, maso ali pambale. Apongozi anadzilemba mtanda n'kuyamba ndi fupa lalikulu. Ine ndinali ndi ukali umene sindinkadziwa woupatsa. Mulungu sindikanamukwiyira, chipani sichinkakwiyiridwa, ndipo apongozi anali atadyetsa ana anga nyama. Ndinadya, ndipo inali yokoma, zimene zinandipwetekanso kwambiri.

Patapita masiku kunabwera mayi wina wa ku Woodlands amene ankagula kwa ine kuyambira nthawi ya beseni, ndikugogoda pageti pake. Anasankha milu yake ya tomato, ndinamuikira m'basiketi, ndipo anamwetulira n'kunena monga ankanenera nthawi zonse, "Nanga mbasela, mayo?"

Dzanja langa linapita lokha pa tomato wamkulu wapamwamba, woti ndimuwonjezere. Lisanafike linaima m'malere. Ndinapeza nditatembenuka kuyang'ana apongozi kuti andilole.

"Mupase kang'ono ako," anatero apongozi, osadzutsa n'komwe mutu pambaula.

Ndinasiya tomato wamkuluyo pamulu, n'kumupatsa mayiyo kakang'ono.