Diresi Lobwereka

Mayi anga sankafuna kuti mlendo awapeze ali mbuu. Ankasesa bwalo ngakhale wobwerayo ndi wogula nkhuku. Ndiye atalengeza kutchalitchi kuti anthu a bungwe lothandiza ana adzayenda m'makomo a amayi amasiye kusankha ana oti aziwaphunzitsa sukulu, mtima wa mayi sunakhalenso m'malo. Bambo anali atamwalira dzinja lapitalo. Tinatsala atatu m'kanyumba kathu kumapiri, kufupi ndi Kasakula: mayi, mkulu wanga ndi ine. Lamulo la bungwelo linali lakuti khomo lililonse mwana mmodzi basi.

Panalibe zokambirana, wanzeru anali mkulu wanga. Masamu ankawachita pamutu, ndipo ndi iye amene anandiphunzitsa kulemba pansi ndi kamtengo, uku akundigogoda ndikalakwitsa. Tinkagona mphasa imodzi, bulangete limodzi. Ankanditcha kamutu ka zipere, ndipo sankanama ayi, zipere zinali mbwee.

Tsiku la alendo litafika, mayi anakabwereka kwa amayi abusa diresi la mwana wawo, lachikasu, la mabatani kumbuyo, pamodzi ndi nsapato. Anamusambitsa mkulu wanga, kumukwecha zidendene ndi mwala, kumudzoza mafuta mpaka anawala ngati poto watsopano. Ine anandiuza kuti ndikakhale m'chigafa momwe tinkayanika fodya, ndisaonekere, ndingawachititse manyazi. Ndinali m'malaya a malemu bambo ong'ambika paphewa, manja ali bii ndi utomoni wa fodya amene tinasoka m'mawawo.

Alendowo anali anthu ongodzipereka, osalandira kanthu: mphunzitsi wina wopuma ntchito, amayi awiri a chigwirizano ochokera ku Dowa, ndi mtsikana wa m'tauni wonyamula kamera. Anafika matope ali m'mawondo, galimoto atayisiya kutsidya kwa mtsinje. Ine ndinkasuzumira pakati pa masamba a fodya. Mkulu wanga anawagwadira bwinobwino n'kuwapatsa moni. Iwo anamuyang'ana, anayang'ana nsapato zija, kenaka anayang'anizana okhaokha. Mphunzitsi uja anati pakhomo pano zikuoneka kuti zinthu zili bwinoko, kumtundaku kuli ena ovutikitsitsa. Mayi anangoti zikomo. Nanga akanatani? Aulule pamaso pa alendo kuti zonsezo n'zobwereka?

Chakudza sichiimba ng'oma. Mtsikana wa kamera uja anafunsa njira ya kuchimbudzi, ndipo podutsa pachigafa anandipeza ndikukanda m'mutu. Anaitana anzake. Anandiimika pakhoma n'kundijambula mmene ndinalili. Mayi anayesa kuwauza kuti wa sukulu ndi wamkuluyu, koma anawayankha mwaulemu kuti anthu othandiza kunjako amasankha mwana poona chithunzi. Madzulo mkulu wanga anachapa diresi lija n'kukalibweza yekha.

Anandisankha gogo wina wa kutsidya kwa nyanja amene sindinamuonepo mpaka lero. Ndimamuthokoza, ndisaname. Koma amene walira mvula walira matope. Kunabwera yunifolomu, nsapato, mankhwala a zipere, ndi bulangete langalanga, ndipo mayi anati zinthu za bungwe sitisewera nazo, ndizifunda ndekha. Umo ndi mmene tinasiyanira pogona. Anzanga anayamba kunditcha mwana wa azungu, pa fulaye sankafuna kundigenda mwamphamvu kuopa milandu, mpaka masewerawo ndinangowasiya. Chaka ndi chaka anthu aja ankabwera kudzandijambula pakhoma lomwe lija, ndipo ankapempha ena onse kuti asunthe, asalowe m'chithunzi. Mkulu wanga ankasuntha asanauzidwe.

Sanandinenepo choipa. Bola akanandimenya, ndikanadziwa poyambira. Anangosiya kunditcha kamutu ka zipere, basi. Sukulu anailekeza pulayimale, ine ndili kusekondale yogonera komweko ndinangomva kuti wakwatiwa ndi mlimi wa fodya wa ku Nachisaka. Pa maliro a mayi tinalira tili mbali imodzi, koma pokambirana za mwambo ankati tifunse ophunzirawa.

Lero ndimagwira ntchito mu ofesi pa Boma la Ntchisi, ndipo Loweruka ndimadzipereka ku kagulu kena kothandiza ana. Anzanga amandidziwa kuti ndine wapakamwa. Wina akangoti mwanayu akuoneka wosamba, ndimamudula pomwepo kuti kusamba si kulemera, akasuzumire m'nkhokwe. Koma ndikaweruka ndimabwerera m'kachipinda ka lendi komwe kulibe ngakhale wondifunsa kuti ndaswera bwanji. Ndimasungulumwa, ndipo sindibisa.

Chaka chatha fodya atatha, ndinati zokwanazi zakwana. Ndinagula shuga ndi buledi, ndinaika chitenje chogonera m'chikwama, n'kutumiza uthenga kwa mkulu wanga kuti ndikubwera. Ndinkangofuna tikagone mphasa imodzi, andinyoze monga kale. Njinga yamoto inanditsitsa pamsewu, ndinatsetsereka wapansi. Ndili patali ndinaona mwana wake wamkazi akusesa bwalo, atavala diresi labuluu loyera bwino. Atandiona anathamangira m'nyumba. Ndinamva mawu a mkulu wanga akulankhula mofulumira, ndipo ndinasangalala poganiza kuti akundikonzera malo.

Anatuluka ndi mpando, ine ndikupita pamphasa, nandikakamiza kuti ndikhale pampandopo. Iye anagwada chapatali n'kundipatsa moni wa alendo. Kenaka anaitana mwana uja. Anatuluka ali m'nsanza ya diresi yopanda dzanja limodzi, miyendo itapakidwa phulusa, maso ali pansi. Mayi wake anamukankhira pakhoma pang'onopang'ono.

"Mwana ndi ameneyu," anatero. "Nzeru ali nazo zedi. Mujambuleni mmene alilimu."

Mkwiyo ndi chisoni zinandigwira pamodzi, ndipo sindinadziwe woti ndimukwiyire. Ndinamulonjeza kuti za mwanayo ndiziona ndekha, popanda chithunzi, popanda phulusa.

"Koma lero sindinabwere ndi kamera," ndinatero. "Ndabwera kwa iwe."

Ndinadikira kuti mwina aseka, mwina anditchula dzina lija.

"Pepani, ndimayesa mwabwera pantchito," anatero. Kenaka anatembenukira mwana uja. "Ndiye kasambe, uvale diresi lija. Sukuona kuti kwabwera alendo?"

Anandiphera nkhuku. Anandiikira chakudya m'nyumba, pakatebulo koyala nsalu, n'kutseka chitseko mwaulemu. Ndinadya ndekha, ndikuwamva iye ndi mwana wake akuseka kukhitchini. Dzuwa litapendeka anandiperekeza mpaka kumsewu atandinyamulira chikwama, chitenje chija chili momwemo chipindire.