Goli la Ng'ombe pa Khosi la Bulu

Dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi akazi awo okha, mwina ndi kalaliki wa ku ofesi ya ziphaso. Ena onse ankangoti a Ngoloyafika, chifukwa munthuyo sankadziwa kuodira. Akafika pakhomo pa munthu ndi katundu, ankakuwa akadali kumsewu kuti, "Ngolo yafikaaa!" mpaka agalu a nyumba zitatu n'kudzuka. Kwa zaka khumi ndi zinayi ananyamula njerwa, mchenga, matabwa, matumba a feteleza, ndi odwala opita kuchipatala. Tsiku lina ananyamula bokosi la maliro m'mawa, masana n'kunyamula kabati ya mkwatibwi, ndipo konseko anafika pa nthawi yake.

Ngoloyo inali ya malemu bambo awo, omwe ankakoketsa ng'ombe ziwiri. Ng'ombezo zinafa chaka cha matenda a nkhupakupa, mkuluyo naye sanachedwe kutsatira. Mwana wawo anatsala ndi ngolo ndi goli, mtengo uja umakhala pa makosi a ziweto zikamakoka. Mkuluyo anasema yekha golilo, ndipo m'malo awiri okhudza khosi linali lakuda bii, lonyezimira. A Ngoloyafika ankati limenelo ndi thukuta la manja a bambo awo. Mwana akayerekeza kulidumpha, ankaona zakuda.

Ng'ombe zina sakanazikwanitsa, choncho anagula abulu awiri. Wina anamutcha Chete. Winayo anamutcha Mlamu, ati chifukwa amadya mopanda manyazi ndipo ntchito ikachuluka amayang'ana kumbali. Mlamu wawo weniweni, mchimwene wa akazi awo, anakwiya sabata imodzi, kenako anayamba kufunsa yekha kuti, "Mnzanga uja wadya?" Abuluwo anawamanga goli la ng'ombe lomwe lija. Anzawo onse a ngolo ankatero, ndiye akanafunsa yani?

Musaganize kuti anali munthu wankhanza, ayi ndithu. Chikwapu chawo chinkangolira m'malere. Pa chitunda ankatsika n'kumakankha nawo ngolo. Koma makosi a abuluwo sankapola, ndipo pa siteji ya ngolo aliyense ankati bulu ndi chilonda salekana. Mankhwala ake anali amodzi: oilo wakuda wotsala kwa makaniko wa njinga zamoto. Ukapaka, ntchentche zimathawa, chilonda sichioneka, mtima n'kukhala m'malo. Chaka china Mlamu anayamba kusiya udzu. Bulu wadyera ngati ameneyo kusiya udzu! Ankangoima mutu uli pansi, makutu ali lendee, ndipo a Ngoloyafika anawonjezera oilo.

Ndi nthawi yomweyo pamene boma linakhazikitsa lamulo loti ziweto zogwira ntchito ziziyezedwa, ndipo chiweto cha chilonda chisamangidwe pa ngolo. Pa siteji anaseka mpaka kugwira nthiti. "Msewu uli maenje okhaokha, iwo akuyeza abulu! Mawa atiuza kuti tiziwagulira nsapato."

Tsiku la msika kunabwera dokotala wa ziweto, mayi wamfupi wa imvi, atavala majombo, magalasi akulendewera pa chingwe. Sanakalipe. Anapempha a Ngoloyafika kuti amasule goli, anatenga thonje ndi madzi, n'kuyamba kupukuta oilo pa khosi la Mlamu pang'onopang'ono. Oiloyo atachoka, fungo linabuka, ndipo pansi pake panali mphutsi zikunyamuka. Anthu amene anaunjikana anabwerera m'mbuyo atagwira mphuno.

"Bambo, bulu uyu asagwire ntchito masabata asanu ndi limodzi," anatero dokotalayo. "Mnzakeyu masabata atatu."

"Amayi, mukuti chiyani? Ana anga adya lamulo?"

"Mukamumanga mawa, mwezi wamawa mukumba dzenje. Sankhani nokha." Kenako anagogoda golilo ndi chala. "Wakupha bulu wanu ndi uyu. Ng'ombe ili ndi linunda, goli limatsamira pamenepo. Bulu linunda alibe. Mphamvu zake zili pa chifuwa, ndiye mtengowu umangomudya khosi."

"Goli ili anasema ndi bambo anga," anayankha a Ngoloyafika.

"Bambo anu anali mmisiri, ndikuona. Koma anasemera ng'ombe."

Anawapatsa botolo la mankhwala kwaulere, n'kupaka utoto wofiira pa chiboda cha Mlamu kuti aliyense adziwe kuti ndi woletsedwa. A Ngoloyafika anakankha okha ngolo kubwerera kwawo, abulu akutsatira m'mbuyo ngati mabwana. Njira yonse ankatukwana boma, majombo, ndi magalasi omwe.

Masabata amenewo anali owawa, tisaname. Anapita kukaumba njerwa kwa eni ake, munthu amene anazolowera kuzinyamula atakhala pa ngolo. M'mawa ndi madzulo ankatsuka chilonda ndi madzi a mchere, n'kupaka mankhwala aja. Akazi awo, omwe ankagulitsa tomato pakhomo, sanawasiye. "Ine nditadwala malungo munanditsuka kangati, bambo a ana? Kubadwa bulu n'kwabwino, eti."

Sabata yachitatu, mnzawo wa pa siteji anabwera ndi nzeru. Kunali ntchito ya mchenga kuseri kwa phiri, kumene dokotala sapondako. "Paka matope pa chibodapo, achimwene. Ndani aone?" M'nyumba munali mutatsala thumba la ufa lopanda kanthu, ndipo mwana wamng'ono anali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha yunifolomu yong'ambika. Kutacha, a Ngoloyafika anasenza goli n'kulowa nalo m'khola.

Mlamu anali atayamba kudya, ndipo ankawathamangira akamva mapazi awo. Koma tsikulo atangoona mtengowo pa phewa, anaima. Anabwerera chafutambuyo mpaka kukona, thupi lonse likunjenjemera ngati wagwidwa ndi chisanu, n'kubisa mutu kumbuyo kwa Chete. Zaka khumi ndi zinayi bulu ameneyu ankachita zomwezi m'mawa uliwonse, ndipo mwini wake ankati ndi ulesi wa alamu. A Ngoloyafika anatsitsa goli pa phewa. Kenako anatuluka, anatsamiritsa goli pa khoma, n'kupita ku njerwa.

Dokotala uja sanangoletsa n'kusowa, monga ena amachitira. Anabwera pa njinga yake yamoto atanyamula pepala lojambulapo malamba: wina wotambalala wodutsa pa chifuwa, wina wa pamsana. Anapita nawo kwa wosoka nsapato, yemwe anadula lamba wakale wa chigayo n'kumusoka monga mwa chithunzicho. Pankafunika chofewa choika mkati, ndipo bulangete lomwe linapezeka linali la akazi awo. "Tengani," anatero mayiwo. "Mwina Mlamu adzandikumbukira pa chuma chake." Wowotcherera zitsulo anasintha mpini wa ngolo, basi zinthu zinatheka.

Tsono kuchigwa kunali nkhani ina. Boma linali litathandiza magulu a amayi kukumba maiwe oweta nsomba, ndipo tiana ta nsomba tinkachokera kutauni pa lole. Loleyo inkadikira mafuta, kudikira dalaivala, kudikira siginecha ya bwana, n'kunyamuka dzuwa lili paliwombo. Ikasiya tala inkagwedezeka m'maenje, nthawi zina n'kutitimira m'matope. Kawiri konse migolo inafika nsomba zili mimba m'mwamba. Msonkho wa anthu kuyandama chonchi, kenako nkhuku n'kudya! Pamapeto pake wina ku boma anaganiza bwino: lole izithera pa tala m'mamawa, kotsalako azinyamula a ngolo a komweko, koma okhawo amene ziweto zawo zapambana poyezedwa. Apa n'kuti masabata opuma a Mlamu aja atatha. Pa ngolo khumi ndi imodzi za pa siteji, zinapambana ziwiri. Imodzi inali ya a Ngoloyafika.

Ananyamuka dzuwa lisanatuluke, migolo inayi atayifunditsa masaka onyowa. Mlangizi wa nsomba, bambo woonda wa chipewa chachikulu, anakhala kumbuyo akusuzumira m'migolo ngati mzamba. Dokotala anali atalamula kuti abulu azimwa pa mtsinje uliwonse ndi kupuma pa mthunzi, choncho ngolo inaima katatu, ndipo paliponse mlangiziyo ankatungako madzi akale n'kuthiramo ozizira. Koma chimene a Ngoloyafika ankayang'ana si nsomba. Ankayang'ana Mlamu. Buluyo ankakoka ndi chifuwa, mutu uli m'mwamba, makutu ali njo, mpaka Chete ankavutika kumutsatira. Pa chitunda chija ankatsikapo masiku onse, anakonzeka kudumpha kuti akankhe, koma ngolo inali itakwera kale.

"Ngolo yafikaaa!" anakuwa ali patali, ndipo amayi a maiwe anabwera akuthamanga. Atavundukula masaka, tinsomba tinali piringupiringu m'madzi. Zakufa zinali zisanu ndi ziwiri zokha, mlangizi anaziwerenga kawiri. Nthungululu zinamveka chigwa chonse, mayi wina mpaka anapsompsona Mlamu pamphumi. Kuyambira pamenepo ntchito ya maiwe inakhala yawo: tiana ta nsomba, chakudya chake, ndiponso nsomba zikakula, ulendo wa kumsika. Mwana uja anabwerera kusukulu ndi yunifolomu yatsopano.

Patapita miyezi, dokotala anabwera ndi pempho. Ankafuna kubwereka goli lija kuti azikaonetsa a ngolo a madera ena, pambali pa malamba, kuti aone kusiyana kwake. A Ngoloyafika anavomera, koma anati chinthu cha bambo awo sichingapite kwa anthu chili ndi fumbi. Akazi awo anawafunditsira madzi, iwo anakhala pa khonde ndi sopo ndi chiguduli, n'kuyamba kukwecha pakuda paja.

Poyamba panachoka oilo. Anakwechabe. Kenako madzi a m'beseni anayamba kufiira, ndipo m'ming'alu ya mtengo munatuluka ubweya wotuwa, waufupi, womatirira. Ng'ombe za bambo awo zinali zakuda zonse ziwiri. Anasiya chiguduli, anayang'ana manja awo, ndipo misozi inangotsika yokha.

"Amayi," anatero kwa dokotala, yemwe anali atakhala pa mpando akudikira, "zaka zonsezi ndimauza ana anga kuti ili ndi thukuta la agogo awo."

Dokotalayo anavula magalasi, a Ngoloyafika n'kupitiriza.

"Tsiku lija kumsika ndinakutukwanani njira yonse. Majombo anuwo ndinawatukwananso. Wakutsina khutu ndi mnansi, ine sindinadziwe. Zikomo, amayi. Mukanakhala munthu wa manyazi, bwenzi pano ndikuloza dzenje."

"Musalitsukenso," anatero dokotalayo. "Akalione choncho."

Anamuthandiza kumangirira golilo pa njinga, ndipo itapita analowa m'khola. Mlamu anabwera yekha, akununkhiza m'matumba mwawo monga mwa dyera lake. Pa khosi, pamene panali chilonda, panali patamera ubweya woyera. A Ngoloyafika anaika dzanja pamenepo, ndipo buluyo sanathawe.

"Pepani alamu," anatero chapansipansi. "Munkanena ndithu. Wosamva ndinali ine."