Chala cha Apongozi

Amuna anga ndi dokotala pa chipatala chaching'ono chakufupi ndi Malomo, uja amaona aliyense: wa malungo, woyembekezera, wolumidwa ndi galu. Chaka china anawaitana ku maphunziro a sabata yathunthu okhudza matenda a zikhadabo. Ine ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Anthu akudwala matenda enieni, inu mukukaphunzira zikhadabo?

Atabwerako, mtendere unatha. Kutchalitchi akagwira dzanja la munthu sankalisiya msanga, maso ali pa zala. Mkulu wa mpingo wina anauzidwa pakhomo penipeni pa tchalitchi kuti chikhadabo chake chofumbutuka chija chili ndi mankhwala ake, ndipo kuyambira tsikulo ankati akawaona amuna anga, manja m'thumba. Nane ndinaletsedwa kupaka utoto m'zikhadabo, ati umabisa nkhani.

Nyengo yosoka fodya tinapita kukaona amayi anga kumapiri a ku Dowa. Nthawi imeneyo aliyense kumudzi zala zimakhala bii ndi utomoni. Kwathu mkamwini sakhala pafupi ndi apongozi ake aakazi, kuwagwira dzanja ndiye ayi ndithu. Zaka khumi ndi zisanu amuna anga ndi amayi ankapatsana moni chapatali, wina atanjuta, wina akuyang'ana mtengo wa mango. Tsikulo amayi anabweretsa mbale ya mtedza wophika, n'kuiika pansi chapatali ndithu, n'kubwerera ku chigafa.

Pobwerera, titadutsa Madisi, amuna anga anandifunsa.

"Mayi a ana, chala chamanthu cha amayi munachiona?"

"Ndi fodya," ndinayankha. "Mwayambanso?"

"Fodya amadetsa zala zonse. Uja ndi mzere umodzi, pa chikhadabo chimodzi. Anationetsa ku maphunziro. Nthawi zina imakhala khansa ya pakhungu, ndipo ikachedwa imalowa m'thupi."

Ndinakalipa. "Ndiye osawaona bwanji?"

"Ine? Ndigwire dzanja la apongozi?"

Munthu amene anatopetsa mpingo wonse ndi kugwira manja! Basi, maphunziro aja anagwera ine. Anandikhazika pakhonde ndi timapepala tawo ta zithunzi. Nditsuke zala ndi ndimu. Ndione ngati mzerewo ukuyambira kutsinde kwa chikhadabo, ngati wakula m'lifupi, ngati kudako kwatayikira pakhungu la m'mbali. Akakhala magazi a kudzipweteka, amayenda ndi chikhadabo pamene chikukula mpaka kutha. Anandifunsa mafunso ngati mwana wa sitandade eyiti, ine mphunzitsi wathunthu.

Loweruka tinabwererako. Ndinauza amayi kuti ndabwera kudzawawenga zikhadabo, iwo n'kundiyang'ana ngati ndapenga. Dokotala wathu anakaima kuseri kwa chigafa, ati akuona fodya. Ndinapukuta ndi ndimu chala ndi chala. Zisanu ndi zinayi zinayera. Chimodzi chinakana. Mzere unayambira kutsinde, ndipo khungu la m'mphepete linali litada. Ndinachita mantha kuposa tsiku limene bambo anga anamwalira, chifukwa apa ndinkadziwa chimene ndikuona.

"Ndinadzimenya ndi mpini chaka chatha," anatero amayi.

Ndinajambula pa foni n'kuthamangira kuseri kwa chigafa. Anandibweza, ati chithunzi sichikuoneka bwino. Ndinayenda maulendo anayi, nkhuku zikundithawa. Ulendo womaliza anangoyang'ana chithunzicho n'kuvula chipewa.

Amayi anakana zopita kuchipatala. Fodya ali m'chigafa, amusiyire ndani? Chala sichiwawa. Ndinachonderera, ndinakalipa, ndinalira, osatheka. Kenako ndinamva mapazi. Amuna anga anabwera mpaka pamphasa, pamene sanafikepo chikwatirire, n'kugwada. Thukuta lili kamukamu, maso ali pa mango aja.

"Apongozi, mundikhululukire, ndalakwa mwambo. Fodya ndidzasoka ine. Lolemba tipite."

Amayi anafunda chitenje kumaso. Kenako anati, "Mumatha kusoka fodya inu?"

Samatha. Mpaka lero m'mudzimo amakamba za mikoko ya fodya yokhota imene anasoka adokotala. Koma Lolemba tinapita, ndipo kuchipatala chachikulu anatsimikiza kuti inali khansa, isanafalikire. Anadula nsonga ya chalacho.

Bala litapola tinakawaona. Amuna anga ananjuta pa malo awo akale, chapatali. Amayi anadzuka, n'kuwayandikira, n'kutambasula dzanja lija. Adokotala analilandira ndi manja awiri, nkhope atatembenuzira ku mango.

"Yang'anani kuno, apongozi," anatero amayi. "Mtengowo sudwala. Zatsala zisanu ndi zinayi, muziziona."