Mboni ya Asilikali a Pansalu

Galimoto ya kanema inafika ku Kaporo mvula ili pakati, ndipo itangowoloka, mtsinje unasefukira n'kukokolola mlatho kumbuyo kwake. Ine nthawi imeneyo ndinali mphunzitsi wachilendo wochokera ku Ntcheu, wodziwa Chinkhonde chongokwanira kupereka moni ndi kugulira nthochi.

Woonetsa kanemayo, bambo wamfupi wa ku Zomba, anatumidwa kudzationetsa kalimidwe kamakono ka mpunga. Atatsekula bokosi anapeza kuti anamulongedzera filimu ina, yachizungu, ya asilikali. Anayang'ana mtsinje, n'kuyang'ana bokosi, n'kuti tingoonera yomweyo. Tinatseka mawindo a nyumba yosungiramo mpunga ndi masaka, n'kupachika nsalu yoyera, ndipo anthu anadzazamo masanasana. A tcheyamani a chipani, atatha kuona makadi a chipani a anthu pakhomo, anandiloza.

"Aphunzitsi, inu muzitiuza zimene azunguwa akuyowoya."

Nkhani yake inali ya asilikali awiri a nthawi ya atsamunda amene ankazengedwa mlandu wothawa paphiri limene anauzidwa kulondera. Iwo ankati mkulu wawo anawauza pakamwa kuti atsike. Mkuluyo ankakanitsitsa, poteteza ulemu wa gulu lawo lankhondo. Ine ndinkamasulira m'Chichewa, mkulu wa mpingo n'kumatembenuzira m'Chinkhonde. Pofika kwa okhala kumbuyo, ndinamva pambuyo pake, mlanduwo unali utasanduka wa ng'ombe.

Kutsogolo kunakhala nkhalamba ina imene inamenya nawo nkhondo ya azungu ku Burma. Inabwera itavala chikhoti chake chankhondo, mendulo ili pachifuwa, miyendo ili mbuu ndi matope a m'munda. Mkulu wa asilikali uja atalumbira kuti sanalamule chilichonse, nkhalambayo inadzambatuka.

"Bodza! Lamulo la kunkhondo salemba papepala. Ine ndinaliko!"

"Agogo, n'chithunzi chabe ichi," ndinatero.

"Chithunzi chimalumbira? Mwana wanga, iwe masulira basi."

Inakweza dzanja n'kumadikira kuti iitanidwe. Tsoka ilo, woweruza wa pansaluyo anayang'ana kumene tinakhala n'kufunsa ngati panali wina wofuna kuwonjezerapo mawu. Ine n'kumasulira momwemo. Nkhalamba inachita sawasha, n'kuyamba kufotokoza za mvula ya ku Burma, za misundu, za sajeni wina amene ankalamula m'mawa n'kukana madzulo. Isanafike n'pakati pomwe, woweruza anagamula kuti anyamatawo awomberedwe.

A tcheyamani anandikodola n'kundinong'oneza: "Kodi apa boma lili mbali iti?"

Ndinati oweruzawo ndiwo boma, koma la atsamunda. Anakanda mutu. Kuombera m'manja khoti kunali kuyamikira atsamunda. Kulikuwiza kunali kukuwiza khoti, ndipo masiku amenewo munthu sunkadziwa kuti amene wakhala naye pafupi akanena zotani kuboma. Anaimirira n'kulengeza kuti aliyense apinde manja mpaka filimu ithe.

Choncho tinaonerera anyamata aja akumangidwa kumaso tili chipindire manja. Mfuti zitalira, amayi anaiwala lamulo n'kuyamba kubuma maliro enieni. M'mawa mwake palibe anapita kumunda. Theka la ana a m'kalasi mwanga silinabwere, ati kumudzi kwagwa zovuta.

Chakumasana nkhalamba ija inafika kusukulu ndi a tcheyamani. Inati ikufuna apilo, chifukwa mboni sinamalize kulankhula. A tcheyamani anali ataiganizira nkhaniyo mofatsa: kuchita apilo chigamulo cha atsamunda kunali kukonda dziko. Woonetsa kanema, amene analibe kolowera ndipo ankadyetsedwa mbalagha, nthochi zophika pamodzi ndi nyama, ndi anthu omwewo, sanatsutse zoonetsanso filimuyo tsiku lomwelo.

Anyamata aja ataonekanso pansalu ali moyo, atapesa bwinobwino, amayi analulutira. Mkulu wa mpingo anagwiritsa nkhalamba Baibulo n'kuilumbiritsa. Itafika nthawi ya funso la woweruza, woonetsa kanema anaimitsa makina, woweruzayo n'kuuma kukamwa kuli yasa. Ulendo uno mboni inalankhula mpaka kukhuta. Inatchula anzake amene anatsala kunkhalango, inavula nsapato ya kumanzere, yokhayo imene inavala tsikulo, n'kuonetsa khoti chala chimene chinaduka. Ine ndinauzidwa kuti nditembenuzire zonsezo m'Chingerezi, ndipo ndinaterodi, nditayang'ana nsalu, manja ali kumbuyo. Sindinalankhulepo Chingerezi chosamala ngati cha tsiku limenelo.

Makina atayambanso, woweruza anatseka kukamwa, n'kuyang'ana mapepala ake, n'kugamula chimodzimodzi.

Nkhalamba inakhala pansi, n'kumangogwedeza mutu. Koma pamene asilikali onyamula mfuti anayamba kundanda, inanyamuka pang'onopang'ono n'kukaima kutsogolo kwa nsalu, itatambasula manja. Anyamata awiri aja anaonekera pachikhoti chake, wina kumanja kwa mabatani, wina kumanzere.

"Tata, chokanipo!" anakuwa mwana wake wamkazi.

Sinasunthe. Mfuti zinalira, utsi unadutsa pamendulo, anyamatawo n'kugwera chakumimba kwake. Inaimabe mpaka malemba otsiriza atakwera pankhope pake n'kutha. Kenako inatembenukira kwa ife.

"Mwaona nokha. Ndayesetsa."

Palibe anaseka. A tcheyamani, osafunsanso kuti boma lili mbali iti, anaigwira mkono n'kuituluka nayo panja.

Tsiku lotsatira inadzuka ikudandaula pachifuwa. Ndinaiperekeza kuchipatala chathu chaching'ono, kumene namwino wa ku Thyolo anafunsa chimene chachitika.

"Andiwombera azungu dzulo," inatero.

Namwino anandiyang'ana, ine n'kuvomereza ndi mutu, chifukwa ndinalipo. Anaivula chikhoti, anafufuza bala osalipeza, komabe anaipaka mankhwala ofiirira aja pachifuwa ponse n'kuiuza kuti isalime mpaka Lolemba. Pobwerera inkayenda chikhoti chili chotsekula, ndipo aliyense amene tinakumana naye panjira ankapatuka n'kuipatsa moni ndi manja awiri.